Kachipangizo Koonera TV Kamene Kanasanduka Mlenje wa Ndege

Chisanafike chaka cha 2015, mwini kandege kakang'ono ku America, tinene ka Cessna 172 ka mipando inayi, ankauluka khosi lili pa ntchito. Kutembenukira uku, kutembenukira uko, maso tong'o pazenera kusakasaka kadontho kakuda komwe mwina ndi ndege ina. Za nyengo ankazimva asananyamuke, ndipo pakatha ola limodzi zinkakhala zitasukuluka kale. Chopweteka n'chakuti uthenga wonse umene ankaufunawo unkadutsa m'ndege yake yomweyo, waulere, iye osaumva.

Zinayamba chonchi. Mu 2010 bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo la FAA linalamula kuti pofika pa 1 Januwale 2020 ndege zouluka m'madera otanganidwa zikhale ndi chipangizo cha ADS-B. Chimenechi chimalengeza pa wailesi sekondi iliyonse kuti ndine uje, ndili pakutipakuti, ndakwera chotere, liwiro langa ndi ili. Pofuna kunyengerera eni ndege zing'onozing'ono, boma linaika nyambo: masiteshoni apansi anayamba kumwaza mwaulere zithunzi za mvula ndi malipoti a nyengo pa 978 MHz, pamodzi ndi malo amene ndege zina zili. Koma kabokosi kolandirira zimenezi, monga ka Stratus kopangidwa ndi kampani ya Appareo, kankadya madola 800 kapena 900. Madzi a pamjigo aulere, ndowa yake mtengo wa ng'ombe.

Mpulumutsi anachokera kosayembekezereka. M'masitolo a ku Ulaya munali tizipangizo tobaya pa USB toonera TV pa kompyuta, ta madola 20 kapena kucheperapo, topanda ulemu uliwonse. M'kati mwake munali kachipu ka RTL2832U ka kampani ya Realtek ya ku Taiwan. Mu 2012 Antti Palosaari wa ku Finland, mmodzi mwa olemba mapulogalamu a Linux, anaonetsa kuti kachipuka ukakanyengerera kamasiya za TV n'kumangokhuthulira kompyuta mafunde a wailesi osaphikaphika, mmene kawagwirira. Ndiye kuti pulogalamu iliyonse yodziwa kuwamasulira yapeza khutu. Posakhalitsa Salvatore Sanfilippo wa ku Italy analemba dump1090, yomasulira zimene ndege zimalengeza pa 1090 MHz. Chaka chomwecho cha 2012 ku Britain kunatuluka Raspberry Pi, kakompyuta ka madola 35 kokwana m'thumba la malaya.

Zonsezi zinali mbwee pa intaneti, kudikira wozilumikiza. Mu 2015 woyendetsa ndege wina, Christopher Young, anazimanga pamodzi, n'kulemba pulogalamu yotumiza uthengawo ku tabuleti kudzera pa WiFi, n'kuipereka kwaulere kwa aliyense. Anaitcha Stratux. Mtengo wa zipangizo zonse anauwerengera mpaka timasenti: madola 113.90. Kulemba mtengo mpaka kachenji kotero, ine ndimati kunali kuseka amalonda mwaulemu.

Kapangidwe kake nkosekerera. Palibe kuwotcherera waya, palibe kupita kwa amisiri. Umakopera pulogalamuyo pa memori khadi, n'kuilowetsa mu Raspberry Pi. Umabaya kachipangizo ka TV kaja, kapena tiwiri ngati ukufuna kumva 978 ndi 1090 nthawi imodzi. Umamangirira eriyo, n'kulumikiza pawabanki yomweyi timatchajira foni magetsi akathima. Tabuleti ikapeza netiweki ya kabokosiko, basi, watha. Ena ankafika podula okha eriyo ndi pulayala, chifukwa utali wake umayenderana ndi mafunde: pafupifupi masentimita 6.9 pa 1090 MHz, ndi 7.7 pa 978 MHz. Kawaya kosaposa chala, koma ukakadula mwachisawawa kamagontha.

Ndiye onani mwini Cessna uja tsopano. Wanyamuka, wakwera pang'ono kufika poti siteshoni yapansi ikumveka, ndipo mapu amene anali mbuu pa tabuleti ayamba kuvala mitundu. Chobiriwira ndi mvula yowaza, chachikasu yalimbako, chofiira ndi chimvula choti uchizungulire patali. Mabwalo a ndege akuonetsa mphepo ndi kutalika kwa mitambo. Kenako katulukira kamuvi kumanja, pambali pake palembedwa +05, kutanthauza kuti mnzako ali mafiti 500 pamwamba pako, akulowera chakuno. Akweza maso, ayang'ana kumene kamuviko kaloza, ndipo ndegeyo ndi iyo, mbee! Dzana lomweli akanaiona itamudutsa kale, mtima uli phaphapha.

Chimene chimandikomera kwambiri ine ndi nyumba zimene anthu ankamangira tizipangizoti. M'ndege ya ndalama zankhaninkhani, pazenera pali kontena ya pulasitiki yosungiramo chakudya, yobooledwa timabowo, mawaya ali lendelende, yomangidwa ndi mphira. Tizipangizo ta TV tija timatentha kwambiri, ndipo dzuwa la pagalasi lakutsogolo silichita chibwana, choncho anthu anayamba kuikamo timafani. Ena anasindikiza timabokosi tokongola pa makina a 3D. Ena anawonjezera GPS, kenako kachipangizo kodziwa ngati ndege yapendekeka, moti zida za pabolodi zitafa m'mitambo, tabuleti ingakuuzebe kumene kuli kumwamba. Wina akapeza njira yabwino ankaiponya pagulu, mawa lake ena ambirimbiri aitengera.

Mungafunse kuti boma lokhwimitsa malamulo ngati limene lija linalola bwanji zidole zotere. Yankho n'lakuti Stratux imangomvetsera, siyankhula, ndipo siyimangiriridwa ku ndege ndi mabawuti. Ndi katundu wonyamula m'manja monga tabuleti yomweyo, motero sifunika chiphaso. Pa chifukwa chomwecho siyikwaniritsa lamulo la 2020 lija, chipangizo cholengeza uyenera kugulabe chovomerezeka. Ndipo zithunzi za mvula zimafika zitachedwa. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linachenjeza mu 2012 kuti nthawi zina zimatsalira ndi mphindi 15 mpaka 20, choncho wofuna kuzembera pakati pa mitambo ya mphenzi podalira tabuleti akudziputira tsoka.

Amalonda nawo anamva kutentha. Mu 2017 ForeFlight, kampani ya pulogalamu ya pa tabuleti ya oyendetsa ndege, inatulutsa kachipangizo ka Scout pa madola 199. Mu 2018 Stratus 3 inabwera pa madola 699, itavomera kugwira ntchito ndi mapulogalamu a makampani ena, pomwe akulu ake ankamvera ForeFlight yokha. Amalondawo anganene zawo, koma ine ndikuona dzanja la kontena ya chakudya ija.

Za nyengo yaulere pa 978 MHz ndi za ku America makamaka. Koma 1090 MHz ndi ya dziko lonse, ndipo mapu a Flightradar24 amene timatsegula podikira m'bale pabwalo la ndege amadalira kwambiri anthu wamba oimika eriyo padenga, ambiri a iwo ndi Raspberry Pi yomweyi. Mnyamata wa ku Lumbadzi atapeza kachipangizo ka TV kaja ndi kawaya ka masentimita 6.9, ndege yochokera ku Addis Ababa angaione pa kompyuta ikadali kutali, n'kuuza amalume ake kuti asathamange, tiyi amalize kaye.