Mphunzitsi wokhalitsa kumudzi amaumbidwa ku koleji

Anthu ambiri amaidziwa Nkaya chifukwa cha njanji. Apa ndi pamene njanji ya Blantyre kupita ku Salima imakumana ndi ya ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970 kulunjika ku doko la Nacala, ndipo masiku ano sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pomwepa. Koma mukalowa m'midzi ya kuno ku Balaka, kapena kuwoloka Shire kupita ku Machinga, makolo amakhala ndi funso lawolawo: kodi mphunzitsi watsopano uja akhalitsa, kapena nayenso athawira m'tauni chaka chisanathe?

Zaka ziwiri zomwe munthuyo anakhala ku koleji ndi zimene zimayankha funsoli nthawi zambiri.

Dera lino lili ndi mbiri pa nkhaniyi. Mu 1929 boma la atsamunda linatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi, kufupi ndi malire a Zomba ndi Machinga. Dzinali linachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene mu 1907 anapereka madola 1 miliyoni kuti atukule sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa America. Ku Domasi mphunzitsi sankabwera yekha. Ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, n'kupatsidwa kanyumba ndi kamunda. Bambo akamaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukhondo, mayi ankaphunzira zaumoyo, kusoka ndi kulera ana. Akamaliza ankabwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi, kulangiza aphunzitsi anzawo ndi kukambirana ndi mafumu. Tisabise, atsamunda sankafuna kuti mwana wa Nyasaland apite patali ndi sukulu. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, inadikira mpaka 1940. Komabe ku Domasi anagwira mfundo yoona: munthu amene adzatukule maphunziro kumudzi ayenera kuphunzira ntchitoyo akukhala moyo wa kumudzi.

Kusowa kwa koleji tinakuona mu 1994, boma la Bakili Muluzi litalengeza za pulayimale yaulere. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito atangophunzitsidwa kwa masabata owerengeka, ndipo ndondomeko ya MIITEP yowaphunzitsa ali pantchito inachita kuwatsatira pambuyo kuyambira 1997. Ambiri anagwira ntchito ndi mtima wonse, koma anaponyedwa m'kalasi opanda wowagwira dzanja.

Lero sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Machinga ili ku Liwonde, pafupi ndithu ndi Nkaya. Maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri: materemu awiri ku koleji, awiri kusukulu ya pulayimale, awiri omaliza kubwereranso ku koleji. Kwa ine materemu apakatiwo ndiwo mtima wa maphunzirowa. Taganizirani mtsikana wokulira m'tauni ataima pamaso pa ana a Sitandade 1 odzadza chipinda, atakhala pansi, ambiri akulankhula Chiyao kunyumba, dzuwa la ku Balaka likutentha malata. Mabuku ndi ochepa. Apa m'pamene amakumbukira TALULAR, luso lophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Amatolera zitsekerero za mabotolo kuti ana awerengere, amadula katoni n'kulembapo zilembo, amaphunzira kupereka moni m'Chiyao kuti kamwana kamanyazi kayankhe. Madzulo mphunzitsi womuyang'anira amakhala naye pakhonde n'kumuuza kuti: “Achemwali, munafulumira. Ana akumbuyo aja sanamve.”

Wophunzira wotere akabwerera ku Liwonde amakhala wasintha. Mafunso ake kwa aphunzitsi a pakoleji amakhala a munthu amene wagwirapo choko: mwana wojomba nthawi yokolola thonje umamubweza bwanji? Nanga mtsikana wa Sitandade 7 amene kwawo akumukonzera banja umayamba kulankhula ndi ndani, mayi ake, amalume kapena amfumu? Mwa anthu oterewa ndi mmene mumatuluka aphunzitsi aakulu olimba, alangizi a maphunziro (a PEA) oyenda pa njinga yamoto m'sukulu za m'zoni, ndi ena amene pambuyo pake amakakonza silabasi ku Malawi Institute of Education, ku Domasi komwe kuja. Wogwera pasukulu yopanda womusamala, komwe anangomusiyira kalasi n'kumuiwala, kawirikawiri amamaliza koleji atatopa nayo kale ntchito.

Chodandaulitsa n'choti m'zaka zapitazi magulu athunthu a omaliza IPTE akhala akudikira nthawi yaitali boma lisanawalembe ntchito. Ena amayamba geni, ena amakagwira m'sukulu zapulayiveti za m'tauni pa malipiro ochepa, ndipo kalata yowalemba ntchito ikamafika mtima wokaphunzitsa kumudzi uja umakhala utazirala. Unduna wa Zamaphunziro uyenera kuwatumiza msanga, makamaka kusukulu zomwe anachitirako materemu awo apakati, ndi kuwamangira nyumba pomwepo.