Sopo kapena sabawu? Mawu a pa Lifidzi amaulula kumene eni ake anayenda

LIFIDZI, Angónia. M'nyumba zambiri za pa Lifidzi ndi midzi yozungulira, chinthu chimodzi chimakhala ndi mayina awiri, mwina atatu. Agogo akafuna kuchapa amaitanitsa sabawu, pamene mwana wawo amene anakulira ku Dedza nthawi ya nkhondo amati sopo. Wina amagula pawu, mnzake amagula buledi. Wina amathira mafuta m'galafa, wina m'botolo. Alendo ena akamva zimenezi amati anthu a m'malire anaononga chinenero. Koma munthu akawatsata mawuwa limodzi ndi limodzi, amapeza kuti lililonse lili ndi njira imene linadzera.

Mawu akale a Chipwitikizi

Mawu ena a Chipwitikizi analowa kalekale, nthawi imene amalonda ankakwera mtsinje wa Zambezi kufika ku Sena ndi ku Tete, kotero kuti lero ngakhale anthu a ku Malawi amawayesa awo. Nsapato ndi "sapato", kalata ndi "carta", chipewa ndi "chapéu", kapitawo ndi "capitão", ndipo kachasu anachokera ku "cachaça". Mawu amenewa palibe amene amawakana mbali zonse ziwiri za malire.

Alipo ena amene anatsalira mbali ino yokha, chifukwa anadza ndi sukulu, sitolo ndi maofesi a atsamunda. Meza ndi imene ku Malawi amati tebulo. Kapulana ndi chitenje. Mashinelu ndi patapata. Matabishu, kuchokera ku "mata-bicho", ndi chakudya cha m'mawa, chimene tsidya linalo amati kadzutsa. Mbatata imene Angónia amatchuka nayo, m'misika ya ku Tete imadziwika kuti "batata-reno", koma ikangofika pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off imasanduka mbatatesi kapena kachewere.

Amuna amene anapita kukagwira ntchito m'migodi nawonso anabwerako ndi mawu awo. Joni ndi Johannesburg. Wenela linali dzina la bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, ndipo mtchona ndi munthu amene anakhalitsa kunja osakumbuka kwawo.

Amene anabwera ndi othawa nkhondo

Kusakanizika kwakukulu kunadza ndi nkhondo ya zaka 16. Anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Ana awo anaphunzira m'sukulu za kumeneko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mabanja anayamba kubwerera, atasenza mapoto ndi mikeka, komanso mawu atsopano pakamwa.

Chitsanzo chabwino ndi zovala zovalidwapo kale za pamsika. Ku Malawi amati kaunjika, poti amaziunjika pansi kuti wogula asankhe. Ku Zambia amati salaula. Kuno ku Mozambique dzina lake ndi kalamidade, chifukwa m'zaka za nkhondo ndi chilala zovala zoterezi zinkafika ngati thandizo kudzera ku nthambi ya boma yoona za "calamidades", ndiko kuti ngozi zogwa mwadzidzidzi. Malaya ndi amodzimodzi, koma dzina lina likunena za kagulitsidwe kake, pamene linalo likukumbutsa nthawi ya mavuto.

Galimoto yonyamula anthu nayonso ili ndi mayina awiri. Ku Malawi ndi minibasi, kuno ndi shapa, kuchokera ku "chapa cem", chifukwa pamene magalimotowa ankayamba ku Maputo m'zaka za m'ma 1980 mtengo wake unali mameticais 100.

Pa ndalama m'pofunika kuchenjera

Pamene mawu osiyana amapweteka munthu ndi pa ndalama. Nthawi ya Apwitikizi, kontu inali maescudo 1,000. Metical itabwera mu 1980, anthu anapitiriza kutchula mameticais 1,000 kuti kontu. Mu 2006 boma linachotsa mazero atatu pa ndalama, ndipo mameticais 1,000 akale anasanduka metical imodzi yatsopano. Dzina la kontu silinafe. Lero munthu akati makontu 50, kawirikawiri akunena mameticais 50, ndipo kinyenta, imene dzina lake limatanthauza 500, ndi theka chabe la metical.

Wamalonda wochokera ku Dedza amene awoloka pa Calómuè ali ndi makwacha m'mutu, akamva kontu angayese kuti ndi zikwi. Mlimi wa kuno wogulitsa mbatata kapena nyemba m'misika ya m'malire, kumene makwacha ndi mameticais amayendera limodzi, ayenera kumvana ndi wogula kuti akuwerengera ndalama iti, ndipo chitini kapena thumba limene akunena ndi lalikulu bwanji. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ku Australia zinachitikanso

Kusintha mawu kotereku si kwa anthu a m'malire okha. Kutsidya kwa nyanja ya India kuli dziko la Australia, limene anthu a m'chigawo cha Tete analimva kwambiri pamene kampani ya kumeneko ya Riversdale inkatsegula mgodi wa malasha wa Benga, pafupi ndi Moatize, isanagulidwe ndi Rio Tinto mu 2011. Chingerezi chinafika ku Australia mu 1788 ndi zombo zonyamula akaidi kuchokera ku Britain, ndipo m'kupita kwa zaka chinamera mawu akeake, moti Mngerezi wa ku London amasokonezeka nawo.

Anthu a kumeneko amakonda kudula mawu. Matabishu amawatcha "brekkie", masana ndi "arvo", udzudzu ndi "mozzie", malo omwetsera mafuta galimoto ndi "servo", ndipo kuwotcha nyama pabwalo ndi "barbie". Nkhuku ndi "chook", chakudya ndi "tucker", ndipo galimoto yaing'ono yonyamula katundu kumbuyo ndi "ute". Bokosi losungiramo zakumwa kuti zizizire amalitcha "esky", lomwe linali dzina la malonda la kampani imodzi, monga mmene kuno mankhwala alionse otsukira mano amatchedwa kolgeti, ndipo sopo waufa aliyense ndi omo. Mashinelu amawatcha "thongs", mawu amene ku England ndi ku America amatanthauza kachovala ka m'kati, kotero mlendo wolowa m'sitolo osadziwa angachite manyazi.

Kwa nthawi yaitali, ophunzira ena a kumeneko ankaona kalankhulidwe kawo ngati Chingerezi chopotoka. Mu 1981 anasindikiza buku lomasulira mawu lotchedwa Macquarie Dictionary, limene linalemba mawu monga mmene eni dziko amawalankhulira, ndipo lero ndi limene masukulu ndi nyuzipepala zambiri za kumeneko zimatsata.

Ntchito yolemba mawu a kuno

Chinenero cha ku Angónia nachonso chinalembedwapo. Ansembe a chiJezuiti, amene ndiwo anayambitsa mishoni ya Lifidzi, anasindikizitsa ku Lisboa buku lomasulira mawu a Chinyanja m'Chipwitikizi mu 1963. Ku Malawi dzina la chinenerochi linasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968, koma ku Mozambique mabuku a boma amalemba kuti Cinyanja, ndi chilembo c m'malo mwa ch. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana a m'chigawo cha Tete m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi pamodzi, ndipo pambuyo pake maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za pulayimale.

Buku la 1963 linalembedwa kusanabwere shapa, kalamidade ndi kontu ya lero. Mawu amenewa akungokhala pakamwa pa anthu, ndipo ena a amuna a ku Wenela akutha pamene eni ake akumwalira. Aphunzitsi, akatekisi ndi oulutsa mawu pa wailesi ndi amene ali pafupi ndi anthu, ndipo angathe kuyamba kuwalemba m'kope, dzina la kuno pambali pa dzina la ku Malawi, ndi tanthauzo lake. Mwana wa pa Lifidzi amene amadziwa sabawu ndi sopo, kontu ndi kwacha, angagule ndi kugulitsa ku Ulónguè ndi ku Dedza popanda womumasulira, ndipo n'kovuta kumubera pa mtengo.