Pampu ya mtima ikaikidwa, n'chifukwa chiyani wodwala amabwereranso kuchipatala?

Pa 3 Disembala 1967, kuchipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, Dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina m'chifuwa mwa Louis Washkansky. Mpaka lero ofuna mtima ndi ambiri koma mitima yoperekedwa ndi yochepa, ndiye odwala ena amaikidwa pampu yotchedwa LVAD.

Mtima wawo sauchotsa ayi. Pampuyo amailumikiza kunsi kwa chipinda chakumanzere cha mtima, ndipo imakoka magazi n'kuwaponya mumtsempha waukulu. Chingwe chake chimatulukira pamimba kukafika pa kabokosi ndi mabatire, zomwe wodwala amayenda nazo m'kachikwama. Usiku amalumikiza ku magetsi a m'nyumba. Amene anaona kuthimathima kwa magetsi mu 2023 kuno ku Cape Town angamvetse nkhawa ya banja lotere.

Komabe ambiri amagonekedwanso chaka chisanathe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake sichikambidwa mokwanira: pampu imathandiza mbali imodzi yokha. Mbali yakumanja, yomwe imakankhira magazi kumapapo, imatsala yokha, pamene magazi obwerera kwa iyo achuluka kuposa kale. Zili ngati ngolo imene ng'ombe imodzi ndi yamphamvu, inzake yotopa. Yakumanjayo ikafooka, miyendo imatupa, mimba imadzaza madzi, chiwindi ndi impso zimavutika, nsapato zimayamba kuthina, munthu n'kumapuma mwawefuwefu ngati kale. Kwa ena, kachitseko ka pakhomo pa mtsempha waukulu kamayamba kudontha, magazi n'kumangozungulira pakati pa pampu ndi mtima osafika mokwanira m'thupi.

Palinso kutaya magazi m'matumbo, komwe mankhwala oletsa magazi kuundana a warfarin amakukulitsa, mafinya pabala lotulukira chingwe, komanso sitiroko. Mu 2021 kampani ya Medtronic inasiya kugulitsa pampu yake ya HVAD, mwa zina chifukwa cha sitiroko.

Zambiri mwa izi zimayamba kuoneka kunyumba. Wodwala akwere sikelo m'mawa uliwonse. Akaonjezera makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, osati kunenepa, ndipo aimbire madokotala ake tsiku lomwelo. Chimbudzi chakuda bii asachinyalanyaze. Mukathamangira naye kuchipatala, nenani msanga kuti ali ndi pampu, chifukwa nthawi zambiri kugunda kwa mtima sikumveka pamkono, ndipo musaiwale mabatire apadera.

Chondikhudza kwambiri n'chakuti pampu imeneyi ndi yodula koopsa, moti Amalawi ambiri ogwira ntchito kuno sangaifikire. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, wa odwala oposa 1,000 m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa, anapeza kuti amene mtima wawo unafooka anali a zaka pafupifupi 52, ndipo gwero lalikulu linali BP, yomwe imayezedwa pakiliniki iliyonse.