Uthenga wa banki ukafera panjira kwa Mlolo

Mpunga ukangokololedwa ku Muona kwa Mlolo, timashopu ta maejenti a mabanki pa Fatima timadzaza. Masiku ano dandaulo lalikulu pamizerepo si netiweki. Anthu akuti zomwe banki yalengeza pawailesi, zomwe ejenti akudziwa ndi zomwe ukamve pakauntala kunthambi zimakhala nkhani zitatu zosiyana.

Pakhonde la shopu ina tidapeza mayi wamasiye wolera zidzukulu, atatambalala pansi, foni ya mabatani yomanga ndi mphira ili pamiyendo, chiphaso cha unzika atachikulunga m'kajumbo nkumangirira kunsonga ya chitenje. Adagulitsa mpunga wake, wogula nkuponya ndalama ku akaunti. Pofuna kutapa, makina adakana. Ejenti, mnyamata waulemu ndithu, adayesa kangapo kenaka nkuwapempha amayiwo kuti adzabwerenso mawa, poganiza kuti ndi netiweki. Mawa lake zidali zomwezo. Adatulukira gwero la vutoli ndi mdzukulu wa ku sekondale, yemwe adafukula m'foni uthenga wakalekale wa m'Chingerezi wonena kuti akaonekere kunthambi ndi zikalata zawo, apo ayi akaunti itsekedwa. Amayiwa chiyankhulo chawo ndi Chisena ndi Chimang'anja basi.

Wokhala tsidya lino la Shire akamva zoti "kunthambi" amayamba wawerenga za m'thumba. Chidukireni njanji ndi msewu wa pakati pa Chiromo ndi Bangula ndi madzi osefukira mu 1997, ulendowu ndi wa kabaza, bwato, kenaka minibasi pa M1 mpaka ku Nchalo. Amayiwa adafika dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli gwaa. Mlonda wa pakhomo adayang'ana chiphaso, cha m'kalembera wa 2017, nkunena kuti chidatha ntchito. Atamuchonderera adawalowetsa. Wa pakauntala adati tsiku lolembedwapolo si nkhani, poti mu 2023 boma lidalengeza kuti ziphaso zotere ziyambe zagwirabe ntchito. Chosowa chidali kalata ya amfumu yotsimikiza komwe amakhala, chinthu chomwe uthenga uja sudatchule, ndipo ejenti sadachimvepo. Amayiwo adawolokanso Shire chimanjamanja.

Apa ndi pomwe pagona mkangano. Ogwira ntchito kunthambi amati mbali yawo adakwaniritsa: uthenga udatumizidwa, chikalata chidamatidwa pakhoma, kuwailesi kudalengezedwa. Wosawerenga foni yake, akutero, asaloze chala banki. Maejenti akuti nawonso ndi ongogwera m'mbuna, chifukwa malamulo akasintha kulikulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, iwo amamvera kwa kasitomala yemwe wabwezedwa kale, atapsa mtima. Ochita malonda pa Fatima ali ndi yawo yakuthwa kuposa zonsezi: mabanki omwewa ndi amene amachenjeza usana ndi usiku kuti anthu asamakhulupirire mauthenga apafoni chifukwa cha akathyali. Nanga mlimi adziwa bwanji kuti uwu ndi weniweni, uwu ndi msampha, zonse zikubwera pafoni imodzi?

Kunena zoona, a kunthambi sakunama. Koma banki yomwe yalephera kudziwitsa mlonda wake ndi ejenti wonyamula dzina lake ilibe mphamvu yodzudzulira gogo wa ku Muona. Mlonda ndiye woyamba kuyankhula ndi kasitomala aliyense, komatu nthawi zambiri ndi wa kampani ina yolondera, ndipo pamsonkhano wa m'mawa wa ogwira ntchito sakhalapo.

Komatu kufikitsa uthenga kwa anthu nkotheka. Tsiku la msika pa Fatima pamakhala bambo wina wogulitsa mankhwala a makoswe ndi nsikidzi. Ali ndi kachimkuzamawu ka batire komwe adajambulamo mawu ake m'Chisena, ndipo kamabwereza mtengo tsiku lonse. Pofika madzulo ngakhale ana osewera kuseri kwa chigayo amakhala atauloweza.