Mpweya wa M'mimba mwa Galu: Tidziwe Tisanavomere Opaleshoni

Kumudzi, mbuzi kapena ng'ombe ikafufuma mimba, mwini wake amayamba kunola mpeni. N'chifukwa chake ambiri a ife kuno ku Lawrence, Indianapolis ndi South Bend timadzidzimuka dokotala wa ziweto akanena kuti apopera mpweya m'mimba mwa galu amene ana athu anatiumiriza kuweta.

Nkhani yake ili motere. Pa opaleshoni yotchedwa laparoscopy dokotala sang'amba mimba, koma amaboola timabowo tiwiri kapena titatu n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali. Tsono m'mimba mulibe mpata, ziwalo zimakhala zothithikana. Mpweya uja ndiwo umatukula khungu la pamimba kuti kamera ione bwino. Woyamba kuyesa njirayi anali Georg Kelling wa ku Dresden, m'chaka cha 1901, ndipo anayesera pa galu. Galu ndiye anatsogola, anthufe tinabwera pambuyo!

Kelling anapopa mpweya wamba wosefa. Lero madokotala amagwiritsa ntchito carbon dioxide, popeza sakoleza moto, komanso amasungunuka msanga m'magazi n'kutuluka chiweto chikamapuma.

Choopsa chilipo ndithu. Mpweya ukachuluka umakankha mnofu wolekanitsa mimba ndi chifuwa, mapapo amapanikizika, ndipo magazi obwerera kumtima amachepa. Motero pali makina oyeza mphamvu ya mpweyawo, kawirikawiri pakati pa 8 ndi 12 mmHg kwa galu, ndi kucheperapo kwa mphaka. Galu wokalamba, kapena wodwala mtima ndi mapapo, ayenera kupimidwa mokwanira asanagonekedwe.

Nanga ndalama? Njirayi ndi yokwera mtengo kuposa yakale, ndipo tonse tikudziwa kuti dola iliyonse ili kale ndi mwini wake kumudzi. Ife tikuona kuti potseketsa kubereka galu wamng'ono wathanzi, njira yakale ndi yokwanira, ngakhale bala lake limakhala lalikulupo ndipo ululu umachulukirapo. Koma kwa agalu akuluakulu a chifuwa chozama, monga Great Dane, amene chifu chawo chimatha kupotokola n'kuwapha m'maola ochepa, kusokerera chifucho kudzera m'timabowo n'kwanzeru.

Musanasaine, funsani kuti ndani adzayang'anira kapumidwe ka galuyo opaleshoni ili mkati, ndiponso kuti dokotalayo waichitapo kangati. Matenda akakhala ovuta, mupempheni akutumizeni ku chipatala cha ziweto cha Purdue University ku West Lafayette, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo kuchokera ku Indianapolis.