CIPATALA CA BOMA: KODI AMALIPIRA NDANI?

Pali mau amene mabanja ambiri m'Zambia muno anawamvapo pa zenera lolandirira mankhwala: "Awa tilibe, mukagule." Munthu wayenda mtunda wautali, wakhala pa mzere kuyambira m'bandakuca, dotolo wamupima ndi kumulembera kapepala, koma pothera pake abwerera kunyumba ali ndi kapepala komweko m'manja. Amene ali ndi ndalama alowa m'sitolo ya mankhwala, ndipo amene alibe ayamba kuwerenga nkhuku za pakhomo. Mkwiyo wonse umagwera namwino amene ali pa zenera, ngakhale kuti iye si amene agula mankhwala kapena kugawa cuma ca dziko. Kuti tidziwe pamene pagona vuto, owerenga athu, tiyenera kulondola njira imene ndalama imayenda kucokera m'thumba la boma kufikira pa bedi la wodwala.

Kumene tacokera

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Kenneth Kaunda linafuna kuti munthu aliyense azilandira cithandizo ca mankhwala kwaulere. Ndalama za mkuwa zinalipo, ndipo zipatala ndi makiliniki zinamangidwa m'madera ambiri amene kale analibe. Koma mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975, thumba la boma linayamba kupepuka. Nyumba zinakalamba popanda wozikonza, makina anafa, mankhwala anacepa, ndipo madotolo ambiri anapita kukafuna nchito ku maiko ena. Cithandizo cinali caulere ndithu pa pepala, koma kawirikawiri cinali cosapezeka.

Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linayamba kusintha kayendetsedwe ka zaumoyo, ndipo mmodzi wa otsogolera nchitoyi anali Dr Katele Kalumba. Maganizo anali akuti maboma ndi zipatala zazikulu zikhale ndi mabungwe ozilamulira, zizipanga zokha mapulani ndi kusunga ndalama zao, m'malo modikira Lusaka pa kanthu kalikonse. Mu 1993 odwala anayamba kulipira kangacepe pofika ku cipatala, ndipo m'midzi ina anthu anali kupereka cimanga kapena nkhuku m'malo mwa ndalama. Ana osafika zaka 5, okalamba opitirira zaka 65, amai oyembekezera ndi odwala matenda ena monga cifuwa cacikulu sanayenere kulipira. Mu 1996 kunakhazikitsidwa bungwe la Central Board of Health kuti liziyang'anira nchito yonseyi.

Ndalama za odwala zinathandiza kugula sopo, makandulo ndi kulipira osesa, koma zinali zocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo weniweni woyendetsera cipatala. Kumbali ina, osauka ambiri anayamba kukhala kunyumba kufikira matenda atakula. Mu 2006 bungwe la Central Board of Health linathetsedwa, nchito zake zinabwerera ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo boma la Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'makiliniki ndi m'zipatala za m'maboma 54 akumidzi kuyambira mwezi wa April. Mu 2012, mu ulamuliro wa Michael Sata, malipiro a cithandizo coyambirira anacotsedwa m'dziko lonse. Mabanja anapumako. Koma walira mvula walira matope: kandalama kaja kamene kiliniki inali kugwira pamanja kanatha, ndipo kuyambira pamenepo zonse zinadalira kuti boma litumize gawo lake pa nthawi yake.

Ndalama ya cipatala imapita kuti?

Palibe cithandizo caulere kwenikweni. Pamene wodwala sapereka kanthu pa khomo, ndiye kuti wina walipira kale, ndipo winayo ndi tonsefe kudzera m'misonkho, pamodzi ndi maiko ndi mabungwe othandiza. Ndalama imeneyi imafika ku cipatala m'mitsinje itatu. Woyamba ndi malipiro a anchito, amene boma limalipira lokha, ndipo ndiwo amatenga gawo lalikulu koposa. Waciwiri ndi mankhwala ndi zipangizo, zimene zimagulidwa pamodzi ku likulu. Wacitatu ndi ndalama zoyendetsera nchito za tsiku ndi tsiku, zimene zimatumizidwa ku maboma ndi ku zipatala.

Mtsinje wacitatuwu ndi waung'ono, koma ndiwo umene wodwala amaumva pathupi pake. Ndiwo umagula ufa, nyemba ndi kabici za m'mawodi, mafuta a ambulansi ndi a jenereta, sopo ocapira zofunda, ndiponso ndiwo ulipira madzi ndi magetsi. Ndalamazi zikacedwa mwezi umodzi kapena iwiri, mkulu woyendetsa cipatala amakhala ndi mafunso owawa pa tebulo lake. Kodi agule cakudya ca odwala kapena akonze mpope wa madzi? Kodi athire mafuta mu ambulansi kapena alipireko ngongole ya magetsi? Pa zosankha zoterezi, cimene cimasiyidwa nthawi zambiri ndi kukonza zinthu, cifukwa denga lodontha sililira monga mmene alirira munthu wanjala.

Komatu kusiya kukonza ndi ngongole imene imabala. Makina ojambulira m'thupi akaima cifukwa ca kacitsulo kamodzi, odwala onse ofunika kujambulidwa amatumizidwa ku cipatala cina, ndipo mafuta a ulendowo amaposa mtengo wa kacitsulo kaja. Makina ambiri amabwera monga mphatso kapena amagulidwa ndi ngongole, amalandiridwa ndi nyimbo ndi magule, koma popanda pangano la wowakonza kapena ndalama za zitsulo zosinthira. Caka ca 2024 cinationetsa poyera kufooka kumeneku. Cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo cipatala ciliconse cinaona kuti firiji ya katemera, cipinda ca opaleshoni ndi makina otenthetsa makanda obadwa masiku asanakwane zonse zidalira jenereta yamoyo kapena mphamvu ya dzuwa.

Ulendo wa m'bulu wa mankhwala

Kwa zaka zambiri mankhwala a boma anali kusungidwa ndi kugawidwa ndi Medical Stores Limited. Lamulo la mu 2019 linakhazikitsa bungwe la ZAMMSA m'malo mwake, ndipo linapatsidwa nchito yogula, kusunga ndi kugawa. Mankhwala ambiri amene timamwa amacokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, motero kwaca ikagwa, bajeti yomweyo imagula makatoni ocepa. Kucokera m'nkhokwe ya ku Lusaka mankhwala amapita ku nkhokwe za m'zigawo, kenako ku maboma, ndipo pomaliza ku kiliniki ya kumudzi. Pa sitepe iliyonse pangacitike vuto: kalata yoitanitsa ingacedwe, mlatho ungakokoloke ndi madzi, kapena mankhwala angakhalitse m'nkhokwe mpaka kupitirira masiku ake pamene kwina akusowa.

Pali bala linanso limene sitiyenera kulibisa, ndilo kuba. Mu 2009 kunaululika kubedwa kwa ndalama zambiri ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lao. Mu May 2025 kazembe wa dziko la America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidzacepetsa thandizo la mankhwala ndi madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti mankhwala operekedwa kwaulere anali kupezeka akugulitsidwa m'masitolo. Wakuba mankhwala amaba kawiri. Amalanda wodwala wa lero m'bulu wake, ndiponso amatseka dzanja la amene akanathandiza wodwala wa mawa. Ndipo wakuba sakanapindula pakanapanda ogula.

Anthu ndi makwerero

Nyumba yokongola ndi mankhwala odzaza m'kabati n'zopanda pake ngati palibe munthu wodziwa nchito. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo opitirira 11,000 nthawi imodzi, ndipo makiliniki ambiri akumidzi anapepukidwa. Koma ciwerengero ca anthu cikukula caka ndi caka, ndipo wanchito wotumizidwa kumalo kopanda nyumba, madzi kapena sukulu ya ana ake sacedwa kupempha kusamutsidwa. Namwino mmodzi akasamalira wodi yonse usiku, nchito yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala imagwera wacibale amene wagona pansi pambali pa bedi. Amai ndi agogo amenewa ndi anchito a cipatala amene dzina lao silipezeka m'buku la malipiro.

Zipatala zathu zinakonzedwa monga makwerero. Pansi pali tizipatala tating'ono ta m'midzi ndi makiliniki, pamwamba pake zipatala za maboma, kenako zipatala zazikulu za m'zigawo monga ca ku Chipata, ndipo pamwamba penipeni pali zonga University Teaching Hospital ndi Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Cithandizo cimakwera mtengo pamene munthu akwera makwererowa. Malungo amene akanacizidwa pa kiliniki akapita nawo ku cipatala cacikulu amadya nthawi ya dotolo amene akanaona wodwala wakayakaya. N'cifukwa cake makiliniki a ku Matero, Chilenje, Chawama, Kanyama ndi Chipata Compound mu Lusaka anakuzidwa kukhala zipatala, mothandizidwa ndi dziko la Japan, kuti UTH ipumeko.

M'madera ambiri akumidzi, makwererowa sakanaima popanda zipatala za mishoni, zimene zimagwirizana pansi pa bungwe la Churches Health Association of Zambia, lomwe linayamba mu 1970. Boma limalipira anchito ambiri a m'zipatalazi ndi kuzipatsa mankhwala. St Francis ku Katete, imene inayamba mu 1948 ndipo imayendetsedwa ndi Aangilikani pamodzi ndi Akatolika, imalandira odwala ocokera m'maboma ambiri a Cigawo ca Kum'mawa. Motero thumba la boma likadwala, nazonso zimatsokomola.

Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unapha anthu opitirira 700, ndipo odwala anaculuka kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Pamenepa tinaphunzira kuti mtengo wa cipatala umayambira kutali, pa citsime, pa cimbudzi ndi pa ngalande ya m'komboni.

Thumba latsopano

Pofuna kuonjezera mtsinje wina, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA linayamba kusonkhanitsa zopereka mu 2019: gawo limodzi pa magawo 100 a malipiro a wanchito, ndi gawo lina lofanana kucokera kwa womulemba nchito. Nzeru yake ndi ya makolo athu, yakuti mutu umodzi susenza denga. Athanzi amasonkhera odwala, ndipo cipatala cikathandiza membala cimalandira ndalama zimene cingagulire zosowa zake. Cobvuta n'cakuti Azambia ambiri ndi alimi, ogulitsa pamsika ndi ogwira maganyu, amene alibe malipiro a pamwezi odulapo. Thumba limene otapamo aculuka kuposa oikamo silikhalitsa.

Mbali ya banja

Kodi tsono banja wamba lingacitepo ciani? Coyamba, pitani msanga ku kiliniki yapafupi, pakuti matenda aang'ono ndi ochipa kwa inu ndi kwa boma lomwe. Sungani bwino khadi la wodwala ndi kalata yotumizira ku cipatala cacikulu. Mukalipira kanthu kalikonse, pemphani lisiti. Mukauzidwa kuti mankhwala kulibe, funsani mwaulemu ngati pali ena ogwira nchito yofanana, ndiponso tsiku limene adzafika. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musagule mankhwala okhala ndi cizindikiro ca boma kapena olembedwa kuti si ogulitsa, ngakhale mtengo wake utsike bwanji.

Caciwiri, kumbukirani kuti makiliniki ali ndi makomiti a zaumoyo a anthu a m'dera, ndipo misonkhano yao ndi yanu. Kuyambira mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zapitirira kukwera. Pamene mudzi ukambirana zocita ndi ndalamazi, pakhale wina woimirira n'kufunsa za nyumba ya namwino, thanki ya madzi, magetsi a dzuwa a m'cipinda ca amai obereka, ndi amene adzakonza zimenezi zikaonongeka. Nyumba yatsopano imakondweretsa maso pa tsiku lotsegulira, koma mai wobereka usiku amafuna nyali yoyaka, madzi a mumpope ndi mzamba amene agona pafupi. Zimenezi zimapezeka kumene eni mudzi amafunsa mafunso ndi kubweranso mwezi wamawa kudzamva yankho.