Njinga Yamoto Yakale: Yang'anitsitsani Musanapereke Ndalama

Mlimi wa kwa Chikwa akagulitsa mpunga kapena thonje, mtima wake umathamangira ku njinga yamoto. Mpake, pakuti m'cigwa ca Luangwa mitunda ndi yaitali, ndipo miseu ndi ya mcenga m'cilimwe, ya matope m'dzinja.

Popeza yatsopano ndi yodula, ambiri amagula yogwirapo kale nchito. Apa mpofunika nzeru. Njinga ya injini ya 150cc, monga Boxer, imanyamula munthu ndi thumba la mpunga, ndipo siimwa petulo wambiri.

Lizani injini ikali yozizira. Utsi wabuluu utanthauza kuti ikutentha oilo. Onaninso cheni, matayala ndi mabuleki. Funsani ngati zitsulo zake zimapezeka ku Lundazi kapena ku Chama, cifukwa njinga yosowa zitsulo imangokhala pakhonde.

Cacikulu ndi mapepala. Manambala a pa injini ndi pa felemu afanane ndi a m'buku la umwini la RTSA. Akasiyana, mwina ndi yakuba, ndipo apolisi angailande, thukuta la caka conse nkupita pacabe.

Pomaliza, musathe ndalama zonse. Sungankoni za cisoti, laisensi ndi inshuwalansi.